Khoma lavina, phiri nalo livine?

Chilowereni phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu July 2025, pafupifupi aliyense m'bomali ali ndi ganizo la momwe phirili lingasandukire ndalama. Ambiri mwa maganizowa ndi omwe tidawazolowera kale: malo ogona alendo, ziboliboli, uchi, kuperekeza azungu kunsonga ya Sapitwa. Koma lilipo limodzi lomwe lautsa mapiri pachigwa m'midzi ya kufupi ndi Likhubula. Achinyamata ochepa okonda makompyuta akufuna kuti thanthwe la Chambe lizivekedwa zithunzi zoyenda usiku, luso lomwe kunja amalitcha projection mapping.

Ganizoli lidabadwira pakhonde la sitolo yakale, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wochoka pa Chitakale kulowera ku Phalombe. Ndi imodzi mwa sitolo zija amwenye adazisiya m'zaka za m'ma 1970 atauzidwa kuti malonda awo azikachitira m'mizinda ikuluikulu basi. Ili ndi nsanamira zinayi, mawindo awiri okhomedwa matabwa, chitseko chachitsulo pakati, ndi mng'alu wautali wotsika kuchokera kudenga mpaka pafupi ndi pansi. Laimu wake adasanduka wotuwa kalekale. Masana palibe woicheukira. Pakhondepo pamakhala telala ndi makina ake, pambali mayi wogulitsa zinanazi.

Loweruka lina dzuwa litangolowa padafika mnyamata wina ndi katundu wodzaza njinga ziwiri za kabaza: pulojekita yobwereka kutchalitchi, laputopu, sipika imodzi yaikulu ndi kajenereta. Mnyamatayu adaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ntchito osaipeza, ndipo masana amakonza mafoni pamsika pomwepo. Adayika tebulo patsidya pa msewu, nazungulira miyendo yake ndi makala kuti malowo asasokonekere, pulojekita nkuichirikiza ndi zidutswa za njerwa. Kenaka idayamba ntchito yomwe idatopetsa aliyense. Pakhoma padangotuluka mizere yoyera, iye ali zyoli pa laputopu kukoka ngodya imodziimodzi mpaka mzere uliwonse utakhala ndendende m'mphepete mwa windo, pa nsanamira, pa mphuthu ya chitseko. Ana adayamba kunyinyirika kuti kanema wake ndi mizere basi. Ena adabwerera kunyumba ya vidiyo komwe kumaonetsedwa mpira.

Amene sadatope ndi telala uja. Adati ntchitoyo akuizindikira: ndi kuyeza munthu kaye usadadule nsalu. Ndipo kusiyana kwake ndi kanema wamba kuli pomwepo. Kanema wamba amafuna nsalu kapena khoma losalala, ndipo chithunzi sichisamala kuti chagwera pati. Uyu ayi. Mnyamatayu adayamba wajambula sitoloyo masiku angapo m'mbuyomo, ali pamalo omwewo padayikidwa tebulo, nakonza zithunzi zake motsatira maonekedwe a nyumbayo. Paliponse pomwe sakufuna kuti paoneke adapasiya pakuda, mdima wa usiku nkumalizitsa ntchitoyo. Diso likaona kuwala kukutsata windo ndi nsanamira bwinobwino, limakhulupirira kuti ikuyenda ndi nyumbayo. Tebulo likasuntha ndi chala chimodzi chokha, matsenga onse atha.

Mizere itazimitsidwa, mawindo awiri aja adatsegula zikope. Adali maso. Adaphethira kawiri, nkuyang'ana kumanzere komwe kudakhala ana. Mfuu yake idabweza ngakhale aja adapita kumpira. Kenaka khonde lonse lidabiriwira, nkutulukira amayi othyola tiyi, madengu kumsana, akuyenda kuchoka pansanamira ina kupita pa ina. Akafika pansanamira amabisika kuseri kwake nkutulukira mbali inayo, moti kamtsikana kena kadathamanga kukasuzumira ngati kulidi anthu. Mng'alu uja, womwe mwini nyumba amachita nawo manyazi, udaphuka kamtengo ka mkungudza. Thunthu lake lidakwera motsatira mng'aluwo mpaka nthambi zidayanga pansi pa malata. Ng'oma za tchopa zitalira musipika, ovina adadzaza khoma lonse. Bambo wina yemwe adali atalawako adalowa m'bwalo kukavina nawo, chithunzithunzi chake nkuphimba theka la sitolo, anthu nkumakuwa kuti, "Achimwene, takhalani pansi tione!"

Chakumapeto chitseko chachitsulo chidaoneka ngati chikutseguka, ndipo mudakhuthuka madzi oyera mbee, akusefukira pakhonde ndi mkokomo waukulu. Mnyamatayu adawajambula pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba, ndipo ankayembekeza kuti apa ndiye anthu awomba m'manja kwambiri. Padangoti zii. Amayi angapo adabereka ana awo nkuchoka osacheuka. Kuno anthu sadaiwale March 2023, pomwe namondwe wa Freddy adatsitsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, anthu oposa 1,000 nkufa kapena kusowa m'dziko muno. Gogo wina adawoloka msewu ndi ndodo yake mpaka patebulo.

"Mwana wanga, madziwo uchotse. Tidawaona kale ife."

"Pepani agogo, sindidaganize."

Adadina batani, madzi adazima, ovina tchopa adabwerera. Loweruka lotsatira gawo la madzilo mudalibe.

Kuonera kanema panja sikwachilendo ku Mulanje. Achikulire akukumbukira galimoto za boma zomwe zinkafika m'midzi ndi kanema wa ulimi ndi ukhondo, nthawi imeneyo dziko lino lisadakhale ndi wailesi ya kanema yakeyake, yomwe idadzayamba mu 1999. Mipingo nayo yakhala ikupachika nsalu pamitengo. Chachilendo nchakuti tsopano nyumba yeniyeniyo yalowa m'sewero. Kunja lusoli lidakula kale. Mzinda wa Lyon ku France umaveka nyumba zake zakale zithunzi zotere mwezi wa December chaka chilichonse, ndipo ku Sydney akhala akuchita chimodzimodzi kuyambira 2009. Koma chomwe achinyamata a ku Mulanje amaonetsana pafoni ndi phiri la Matterhorn ku Switzerland, lomwe mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pachimake, linkawalitsidwa usiku ndi mbendera za mayiko osiyanasiyana. Funso lawo ndi lachidule: ngati azungu adachita paphiri lawo, chikutiletsa ife nchiyani?

Mfundo zawo si zachibwana. Amati mlendo akatsika m'phiri madzulo alibe choti achite, amangodya nkugona, mawa nkubwerera ku Blantyre ndalama zili m'thumba. Amati kuwala sikusiya chipsera: palibe penti, palibe kuboola mwala, palibe mtengo wodulidwa, kukacha thanthwe lili momwe lidalili. Ndipo akapsa mtima amafunsa kuti amene akuteteza phiri lero adali kuti pomwe mkungudza, mtengo wa fuko lino, unkatsika pamitu ya anthu usiku ndi usiku mpaka mitengo ikuluikulu kutsala pang'ono kutheratu. Amatchulanso mwala wa bauxite wa pa Lichenya womwe wakhala ukukopa a migodi kwa zaka zambiri. Mmodzi adaloza kuphiri nkunena kuti chilimwe chilichonse phirilo limawala kale usiku ndi moto wolusa wa osaka mbewa ndi nyama, koma sadamvepo wina akuti mizimu yakwiya ndi kuwalako.

Akuluakulu samayankha mfundo imeneyi mwachindunji, ndipo mwina alibe yankho. Chomwe amanena nchakuti phirili lili ndi eni ake. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akhala akuthira nsembe m'mphepete mwake kupempha mvula, ndipo mwana aliyense wa kuno adamvapo za chakudya chopezeka m'phiri chomwe munthu amayenera kudya yekha osaitana mnzake. Masana phiri ndi la otola nkhuni, operekeza alendo ndi alonda a nkhalango. Usiku, iwo amati, ndi la eni akewo. Akatchula Napolo, yemwe amati ndiye amatsitsa madzi ndi miyala m'phiri, sanena moseka. Madzi ndi miyala zomwe zidapha anthu mazanamazana ku Phalombe mu March 1991, nthawi imeneyo Phalombe ali mbali ya boma la Mulanje, ambiri adaziona ndi maso. Amakumbutsanso, ndipo apa akunena zoona, kuti phirili lidalowa m'kaundula uja chifukwa cha zikhulupiriro zomwezi, osati chifukwa Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002. Kusandutsa malo a mizimu kukhala nsalu yoonetserapo kanema, kwa iwo, ndi kudula nthambi yomwe alendowo akubwerera.

Achinyamata ena akangomva za mizimu amatseka makutu. Koma nyakwawa ina ya m'deralo, yomwe idakaonera yokha kanema wa pasitolo uja nkusangalala naye, idafunsa funso lomwe mulibe mizimu: zithunzizo azisankha ndani? Lero ndi tchopa ndi mkungudza. Mawa amene walipira jenereta adzafuna kuti dzina la malonda ake lioneke. Chaka cha chisankho padzakhala nkhope ya munthu, yaikulu kuposa mudzi, ikuyang'ana pansi anthu omwe sadamuvotere. Kusitolo munthu amapita mwa kufuna kwake, akanyansidwa amachoka. Chambe amaoneka m'midzi yambirimbiri ya m'chigwa. Amene ali pamaliro, amene akudwazika matenda pakhonde, onse adzaonera kaya afune kaya asafune.

Apa mpomwe nkhani ya gogo uja ikulemera kuposa momwe achinyamatawa akuganizira. Cholakwa cha pasitolo chidakonzedwa nthawi yomweyo chifukwa wodandaula adangowoloka msewu, ndipo wolakwayo ndi mwana yemwe akumudziwa mayi ake. Madzi omwewo atakhuthuka pathanthwe la Chambe usiku, akuoneka kuchokera kutali, wopita kukadina batani ndani? Makina otere sayendetsa mnyamata wokonza mafoni. Amabwera ndi kampani, pangano losainirana komanso alonda pachipata.

Oona za chilengedwe nawo ali ndi nkhawa zawo, ngakhale mawu awo samveka kwambiri pamkanganowu. Kuwala kwamphamvu kumakoka tizilombo touluka, kumasokoneza mileme ndi mbalame zogona m'mapanga, ndipo phirili lili ndi zamoyo zomwe sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Chodabwitsa nchakuti mbali zonse ziwiri zikukangana ngati makinawo afika kale pamalire a Muloza akungodikira msonkho. Nkhope ya kumadzulo ya Chambe ndi yotalika mamita pafupifupi 1,700. Pulojekita ya kutchalitchi, ya mphamvu ya ma lumens pafupifupi 3,000, imavutika kale ndi khoma la sitolo mwezi ukawala. Thanthwe lotere lingafune makina ambiri a ma lumens zikwi makumimakumi, ogula ndi ndalama zakunja zomwe ngakhale oitanitsa mankhwala akuzisowa. Mwala wakewo ndi wodera, umameza kuwala m'malo mokubweza. Miyezi yozizira, yomwe alendo amachuluka, ndi yomwenso chiperoni chimaphimba phiri osachenjeza. Kuwala kukalowa mu nkhungu chithunzi chimasungunuka. Ndiye pali magetsi. Nyumba zambiri za m'munsi mwa thanthwelo zimadalira tochi ndi kasola kakang'ono kotchajira foni, ndipo ku Bondo anthu adachita kupatutsa madzi a mtsinje wa Lichenya kuti apeze magetsi a midzi yawo. Kuwalitsa mwala pamwamba pa midzi yamdima, ngakhale mizimu itavomera, kungafune munthu wolimba nkhope kuti akakufotokoze pamsonkhano wa mudzi.

Mwini kanema wa pasitolo uja, yemwe anzake amamutenga ngati mtsogoleri wa ganizoli, sali wotentha nalo monga iwo. Atafunsidwa adangoti Chambe ndi maloto a anzake. Iye chomwe akuchifuna ndi pulojekita yakeyake, chifukwa ya kutchalitchi imayenera kubwerera Lamulungu kusadache. Maso ake ali pa makoma a mafakitale a tiyi, nyumba zakale za pa boma ndi matanki a madzi, zomwe akuti zili ndi nkhani zambiri zoti zinene, zina zosakomera eni ake: za thangata, za agogo ake omwe adawoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi. Mwina mkangano weniweni udzabuka tsiku lomwe adzapemphe khoma la fakitale kuti aonetsepo zimenezo.

Padakali pano vuto lake ndi laling'ono koma lenileni. Mafuta a jenereta amagula a m'zigubu pamtengo wokwera, ndipo polowera palibe chipata choti nkulipiritsa. Mbale yomwe amayendetsa kanema akatha imabwera ndi ndalama zosakwana malita awiri. Amene akupindula ndi ogulitsa chipisi ndi chimanga chootcha, omwe tsopano amafunsa Lachinayi ngati kanema aliko.

Makoma oyera nawo akusowa. Pamisika yambiri ya m'bomali pafupifupi nyumba iliyonse ya m'mbali mwa msewu idapakidwa kale penti yofiira, yachikasu kapena yobiriwira ya makampani a mafoni, sopo ndi feteleza, ndipo pakhoma lotere chithunzi sichigwira. Mwini sitolo ija wazindikira kuti laimu wake wotuwa wasanduka chuma. Mng'alu womwe amafuna kumata chaka chino wausiya dala, ndipo watumiza mawu kudzera kwa telala kuti kuyambira mwezi wamawa khomalo likhala la lendi.