Nambala ili ndi mitundu yace

Mu Agosto caka ca 2017, anyamata ndi atsikana a kalembera anayenda khomo ndi khomo muno m'Angónia, ku Ulónguè, ku Dómuè ndi m'midzi yonse. Anatumidwa ndi Instituto Nacional de Estatística, bungwe la boma lowerenga anthu. Anafunsa zaka zanu, kalasi imene munalekezera, ndi cilankhulo ca pakhomo panu. Mayankho onse analowa mu kompyuta ngati manambala, ndipo kunapezeka kuti m'Mozambique tinalimo anthu oposa 27 miliyoni. Koma manambala aja sanali a mtundu umodzi ayi. Mu 1946 katswiri wina wa ku America, Stanley Smith Stevens, anawagawa m'mitundu inayi.

Ina ndi maina cabe. Tiyerekeze kuti olemba agwirizana kuti Cinyanja cikhale 1, Cinyungwe cikhale 2. Kodi Cinyungwe caposa Cinyanja kawiri? Iyayi. Atafuna atha kusinthanitsa, palibe coonongeka. N'cimodzimodzi nambala ya pa BI yanu, kapena ya pamsana pa wosewera mpira. Simungaiphatikize ndi inzace. Mungangowerenga kuti olankhula Cinyanja alipo angati.

Mtundu waciwiri umaika zinthu pa mzere: woyamba, waciwiri, wacitatu. Alimi a mbatatesi amaudziwa bwino, poti asanapite ku msika amasankha zazikulu, zapakati ndi zing'onozing'ono. Magiredi a fodya nawo ali momwemu. Mzere umakuuzani cimene cili patsogolo, koma sukuuzani kuti catsogola ndi mpata wotani. Pa liwiro, woyamba atha kusiya waciwiri ndi phazi limodzi, pamene wacitatu akali kuseri kwa phiri.

Apa amayi mumvetsetse. Ku sikelo ya ana, anamwino amakulunga kalamba pa mkono wa mwana, pakati pa phewa ndi cigongono. Kalambako kali ndi mitundu itatu. Kufiira ndi pansi pa masentimita 11,5, ndiye kuti mwana wanyentchera kwambiri. Cikasu ndi kuyambira 11,5 kufika 12,5. Kubiriwira ndi kupitirira pamenepo. Tsono mwana wa 11,6 ndi mwana wa 12,4, onse awiri mudzauzidwa kuti ali pa cikasu. Komatu woyambayo watsala pang'ono kugwera pa kufiira, pamene mnzaceyo ali pafupi kutulukamo. Mtundu wabisa zimene nambala ikadaulula. Ine ndimauza ophunzira anga kuti asamacoke asanafunse: "Anamwino, nambala yace ndi ingati?" Ailembe, mwezi wamawa ayerekeze. Si mwano umenewo, ndiye phindu la kudziwa kuwerenga.

Mtundu wacitatu uli ndi mipata yofanana. Kucoka pa madigiri 10 kufika 20 ndi mpata womwewo wa 20 kufika 30. Koma pali kamsampha. M'mawa wa Junho kukazizira madigiri 10, ndipo masana a Outubro n'kufika 30, sitinganene kuti kwatentha katatu. Cifukwa cace n'cakuti 0 wa pa cipangizo coyezera kutentha satanthauza kuti kutentha kwatheratu. Anthu anangosankha kumuika pamene madzi amaundana, ndipo pansi pace manambala akupitirira. Zaka za pa kalendala zili momwemonso: kucoka pa ufulu wa 1975 kufika pa pangano la mtendere la ku Roma mu 1992 ndi zaka 17, koma palibe anganene kuti caka cina ndi theka la cinzace.

Wacinayi ndiye wa tsiku ndi tsiku: makilo, mametikali, mbuzi za m'khola. Apa 0 ndi kupanda ndithu. Amene ali ndi mbuzi 6 waposa kawiri wa mbuzi 3, ndipo thumba la makilo 50 ndi theka la makilo 100. Mutha kuphatikiza, kucotsera, kugawa, zonse zimatheka.

Cenjerani nayo lata ya pa msika. Malata awiri a cimanga amaposa imodzi kawiri pokhapokha ngati lata yace ndi yomweyo, ndipo kadzazidwe kace n'kamodzi. Wogula akabwera ndi lata yotukumuka m'mimba, n'kumadzaza mpaka nsonga, "10" wace si "10" wanu. Pogulitsa zambiri, pemphani sikelo, ndipo muone kuti muvi wace uli pa 0 thumba lisanakwere.