Mphaka wodwala shuga: nsima ayi, nanga adye chiyani?

Nyengo yokolola ikafika ku Kasungu, mphaka amakhala wantchito wofunika pakhomo. Matumba a chimanga, mtedza ndi soya akaunjikidwa m'chipinda, makoswe nawo amasamukira komweko, ndipo kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya mlimi amadziwa kuti chona mmodzi wakhama amapulumutsa chakudya chambiri. Mphaka wotereyu, wogona kuchigafa n'kumadzisakira yekha, sadwaladwala matenda a shuga. Amene ali pachiwopsezo ndi mnzake wa kuboma kapena wa m'nyumba za antchito ku Mtunthama, wokondedwa, wofulidwa, wogona pampando tsiku lonse, amene mbale yake siuma: m'mawa phala, masana nsima yonyika mumsuzi, madzulo buledi wa mumkaka.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti mphaka amadwala shuga. Amadwaladi. Kafukufuku wa sukulu ya Royal Veterinary College ku London, amene anatuluka mu 2016, anapeza kuti mwa amphaka opita kuzipatala za ziweto ku England, pafupifupi mmodzi mwa 200 alionse ali ndi matendawa. Ambiri amadwala mtundu wofanana ndi umene umagwira anthu akuluakulu. Kapamba amatulutsa insulini, imene ntchito yake ndi kulowetsa shuga wa m'magazi m'minofu, koma thupi likanenepa limasiya kuimvera. Kapamba amalimbikira, kenako amatopa, shuga n'kudzaza m'magazi mpaka kusefukira mumkodzo. Amphaka aamuna ofulidwa, onenepa, osayendayenda komanso opitirira zaka 7 ndi amene amagwidwa kawirikawiri.

Zizindikiro zake mwini mphaka amaziona ngati ali watcheru. Chiweto chimene kale sichinkalabadira madzi chimayamba kukhalira pabeseni, ngakhale kunyambita madzi a kubafa. Chimakodza pafupipafupi, ndipo nthawi zina nyerere zimaunjikana pamene chakodzapo. Chimadya kwambiri koma chikuwonda, ubweya n'kuyamba kunyankhalala. Matenda akakhalitsa, miyendo yakumbuyo imafooka, mphaka n'kumayenda chogwaditsa, zidendene zikukhudza pansi. Komabe ludzu ndi kuwonda zimabweranso ndi matenda a impso kapena a chithokomiro, n'chifukwa chake kuyezetsa n'kofunika musanasinthe kalikonse. Ndipo kuyeza kamodzi sikukwanira, poti mphaka akachita mantha, monga atayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kupita ku Lilongwe ali m'katoni, shuga wake amakwera ngakhale asakudwala. Madokotala amayezanso mkodzo kapena kubwereza tsiku lina.

Tsopano pa nkhani ya chakudya, pamene eni ake ambiri amasochera chifukwa cha chikondi chomwe.

Matenda a shuga si achilendo kwathu kuno. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali nawo, choncho mabanja ambiri amawadziwa malangizo a kuchipatala: siyani ufa woyera, idyani mgaiwa, onjezani nyemba ndi masamba, chepetsani zamafuta. Malangizowa ndi abwino kwa munthu. Kwa mphaka sagwira. Mgaiwa ndi chimanga basi, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu ya mu ufa wa chimanga imachokera ku sitachi, amene m'mimba amasanduka shuga. Mbatata, chinangwa, mpunga, maungu, mandazi ndi zitumbuwa zonse zili m'gulu lomwelo.

Thupi la mphaka linapangidwira nyama. Mu 2011, Esther Plantinga ndi anzake ku Netherlands anasonkhanitsa zimene ofufuza osiyanasiyana anapeza m'mimba ndi m'ndowe za amphaka odzisakira okha, n'kuwerengera zimene zili m'mbewa, mbalame, abuluzi ndi tizilombo timene amadya. Anapeza kuti 52 peresenti ya mphamvu zawo imachokera ku mapuloteni, 46 peresenti ku mafuta, ndipo sitachi ndi shuga ndi 2 peresenti yokha. Malovu a mphaka alibe mphamvu yoyamba kugaya sitachi ngati athu. Chiwindi chake chimapanga chokha shuga wofunika m'thupi kuchokera ku nyama, usana ndi usiku, ndipo chimachedwa kuchotsa shuga wochuluka amene walowa nthawi imodzi. Ngakhale lilime lake silimva kutsekemera. Asayansi a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anasonyeza mu 2005 kuti chibadwa chothandiza kumva zotsekemera chinafa mwa amphaka. Mphaka akamanyambita phala la mkaka, akufuna mafuta ndi mapuloteni a mumkakawo, osati shuga amene mwathiramo.

Kunena mwachilungamo, mphaka wathanzi amagaya ndithu sitachi wophikidwa, ndipo chimene chimayambitsa matendawa kwenikweni ndi kunenepa ndi kusayenda, osati nsima payokha. Koma akangodwala, nkhani imasintha. Chidutswa chilichonse cha nsima chimakhala katundu wowonjezera pa kapamba wotopa kale.

Apa pali uthenga wolimbikitsa umene eni amphaka ayenera kuumva. Mphaka akayamba msanga kulandira insulini, n'kusinthidwa chakudya, kapamba amatha kupuma n'kuyambanso kugwira ntchito, mpaka jakisoni kusiyidwa. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2006, Nicole Bennett ndi anzake ku America anagawa amphaka odwala shuga m'magulu awiri kwa milungu 16. Mwa amene ankadya chakudya cha sitachi wochepa, wopereka 12 peresenti ya mphamvu, 68 peresenti anasiya kufuna insulini. Mwa amene ankadya cha sitachi wokwana 26 peresenti, anasiya ndi 41 peresenti. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la International Society of Feline Medicine a mu 2015 amati sitachi ndi shuga zisapitirire pafupifupi 12 peresenti ya mphamvu ya m'chakudya cha mphaka wodwala.

Kwa amene amagula chakudya cha amphaka m'magolosale akuluakulu a ku Lilongwe, vuto ndi loti opanga salemba kuchuluka kwa sitachi paphukusi. Muyenera kuwerengera nokha, ndipo masamu ake ndi a kupulayimale. Tembenuzani phukusilo, mupeze pamene alemba protein, fat, fibre, ash ndi moisture, ndiye kuti mapuloteni, mafuta, gaga, phulusa ndi madzi. Phatikizani manambalawo, muchotse pa 100. Chotsalacho ndiye sitachi. Tiyerekeze thumba la chakudya chouma, chija cha timibulu, lalembedwa kuti mapuloteni 30, mafuta 10, gaga 3, phulusa 8, madzi 8. Zonse pamodzi ndi 59, choncho sitachi ndi 41. Chimenechi n'chosayenera. Tiyerekezenso kachitini kalembedwa kuti madzi 80, mapuloteni 10, mafuta 5.5, phulusa 2.5, gaga 0.5. Zonse ndi 98.5, kutsala 1.5. Popeza chakudya chenicheni m'kachitinimo ndi magawo 20 okha, enawo ndi madzi, sitachiyo ndi 7.5 peresenti ya chouma. Chimenechi n'choyenera.

Timibulu touma sitingaumbike popanda ufa, n'chifukwa chake pafupifupi tonse timakhala ndi sitachi wambiri. Musanyengedwe ndi mawu akuti grain free. Amangotanthauza kuti mulibe chimanga kapena tirigu, koma m'malo mwake amaikamo mbatatesi, nsawawa kapena ufa wa chinangwa. Pa zam'zitini ndi zam'timapaketi, zimene zili mumsuzi wokhuthala nthawi zambiri amazikhuthalitsa ndi ufa, pomwe zogayidwa phalaphala kapena zoundana ngati msuzi wa mapazi a ng'ombe ukazizira zimakhala ndi sitachi wochepa. Chakudya cha agalu musayese n'komwe, chili ndi ufa wambiri ndipo sichikwaniritsa zofuna za mphaka.

Zam'zitinizi n'zodula, ndipo si banja lililonse lingamatume munthu ku Lilongwe mwezi ndi mwezi. Ine ndikuona kuti pamsika wa Kasungu pomwepo pali zokwanira kudyetsa mphaka wodwala, bola mwini wake adziwe malire a chinthu chilichonse.

Maziko akhale nyama: ntchafu za nkhuku, mitima, nthutumba, zidutswa za mbuzi kapena ng'ombe zimene kubutchala amagulitsa motchipa. Wiritsani m'madzi ochepa, popanda mchere, anyezi, adyo kapena zokometsera. Anyezi ndi adyo, ngakhale wophikidwa, amaphwanya maselo ofiira a magazi a mphaka, choncho ndiwo zotsala patebulo si zake ngakhale zitakhala za nyama. Msuzi wowiritsirawo musataye, thirani m'mbale momwemo. Muli taurine, chinthu chimene thupi la mphaka silipanga chokwanira ndipo chimasungunukira m'madzi pophika. Chikasowa, maso amachita khungu ndipo mtima umakula n'kufooka, ndipo vuto la mtimali analitsimikizira Paul Pion ndi anzake ku yunivesite ya California ku Davis mu 1987. Mitima ndi nyama ya ntchafu zili ndi taurine wambiri. Zomera zilibe, ndipo ichi n'chifukwa chake soya pisi, ngakhale Kasungu amalima soya wochuluka chotere, sangalowe m'malo mwa nyama.

Mnofu wokhawokha nawo ndi wopereweza. Mphaka akagwira mbewa amadya yonse, mafupa, chiwindi ndi ubongo womwe, pomwe mnofu ulibe kashiamu wolimbitsa mafupa. Mafupa a nkhuku ophikidwa ndi oopsa chifukwa amasweka mosongoka. Njira yapafupi ndi zikhokhombe za mazira: ziwiritseni, ziumitseni, zisinjeni mpaka zikhale ufa, muthire pafupifupi theka la supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu ya nyama. Chiwindi mupatseni kachidutswa kamodzi kapena kawiri pamlungu. Chikachuluka, vitamini A amaunjikana m'thupi mpaka mafupa a khosi kuuma. Dzira lowiritsa ndi labwino, koma lathunthu ndi lalikulu kwa kanyama ka makilogalamu 4, theka likukwana.

Nanga usipa ndi matemba? Amphaka amazikonda, zilibe sitachi, ndipo timinga take timapereka kashiamu. Sankhani zopanda mchere, zinyikeni, ziwiritseni. Nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi, ndipo mphaka wodya nsomba zokhazokha kwa miyezi amadwala matenda ena. Zikhale za masiku awiri kapena atatu pamlungu, osati tsiku lililonse. Chakudya chophika pakhomo n'chovuta kuchikwaniritsa bwinobwino kwa zaka, choncho amene angathe aziphatikiza ndi cham'chitini, ndipo dokotala wa ziweto aone ndondomeko yonse, makamaka ngati mphakayo ndi wokalamba ndipo impso zake zayamba kufooka.

Za kamba wapakatikati, kaja timaponyera mphaka akamatizungulira m'miyendo, lamulo lake ndi lalifupi: akhale wa nyama, ndipo asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsikulo. Usipa uwiri kapena utatu, kachidutswa ka nthutumba, ngumbi zingapo zosathira mchere nyengo yake ikafika. Mabisiketi, tchipisi, soseji, yogati wotsekemera ndi mkaka ayi. Mkaka uli ndi shuga wakewake, ndipo amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba. Ana pakhomo auzidwe bwino, chifukwa nthawi zambiri ndi iwo amene amagawana ndi pusi chikondamoyo kuseri kwa khitchini. Kusaka mbewa musamuletse, ndi chakudya chake komanso masewera olimbitsa thupi. Chofunika n'chakuti pakhomopo ndi kwa anansi pasakhale pothiridwa temeki kapena mankhwala ena a makoswe.

Pali ngozi ziwiri zimene zimapha amphaka m'manja mwa anthu ofuna kuwathandiza. Yoyamba ndi kuchotsa sitachi mwadzidzidzi kwa mphaka amene akubayidwa kale insulini. Shuga amatsika kwambiri pomwe mlingo wa jakisoni ndi womwewo, ndipo mphaka amayamba kudzandira, kunjenjemera, mwina kukomoka. Zikatero, pakani uchi kapena madzi a shuga m'nkhama zake, osamumwetsa mokakamiza, n'kuthamangira kwa dokotala. Popewa zimenezi, uzani dokotala musanasinthe chakudya kuti aonenso mlingo, ndipo kusinthako kuchitike pang'onopang'ono kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Yachiwiri ndi kumana chakudya mphaka wonenepa kuti awonde msanga. Akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi mpaka kusiya kugwira ntchito. Kuwonda koyenera ndi pafupifupi 1 peresenti ya kulemera kwake pamlungu. Sikelo ya m'manja yoyezera mtedza ikhoza kuthandiza: muikeni m'chikwama, mupachike, mulembe m'kope. Ndipo mphaka wodwala shuga akakana chakudya tsiku lathunthu, kapena akayamba kusanza, musadikire.

Chakudya pachokha sichichiza amphaka ambiri, insulini imafunika, kawirikawiri kawiri patsiku, yosungidwa pozizira. Poyambira ndi kwa alangizi a ziweto a kudera kwanu kapena kuofesi ya zaulimi paboma. Ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi katemera wa chiwewe, koma angakulozereni koyenera. Ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe la LSPCA ndi madokotala ena oima paokha amene amaona agalu ndi amphaka tsiku ndi tsiku, ndipo chiyambire 2019 sukulu ya LUANAR ku Bunda yakhala ikutulutsa madokotala a ziweto ophunzira konkuno. Popita, tengani phukusi la chakudya chimene mphaka amadya, kope la kulemera kwake, ndi mndandanda wa zonse zimene analawa mlungu umenewo, kuphatikizapo zimene anapatsidwa ndi ana. Pemphaninso kuti akuphunzitseni kutenga kadontho ka magazi m'mphepete mwa khutu lake, kuti muzimuyeza shuga kunyumba ali phee, osadikira ulendo wina wa pamsewu wa M1.