Usipa, mbuna ndi majini odzuka mwa apo ndi apo

Mbandakucha pa Senga Bay amayi amakhala atandanda kale pamchenga, mabeseni m'manja, maso ali panyanja. Tsiku lina mabwato a chilimira amakocheza opanda kanthu, nyali za siginala zitayaka usiku wonse pachabe. Mawa lake chimodzimodzi. Kenaka usiku umodzi usipa n'kubwera wosefukira, mathandala onse mbuu! Wakunyanja aliyense amadziwa kuti phindu la mwezi lagona pa zinthu ziwiri: usiku wabwino ubwera kangati, ndipo ukabwera udzaza zigoba zingati.

Zoterezi zimachitikanso m'thupi la nsomba ili m'besenimo, ndi m'thupi la mayi amene akuinenerera mtengo.

Thupi limapangidwa ndi maselo, ndipo m'selo muli DNA, momwe mudalembedwa malangizo otchedwa majini. Awatu si majini aja otchulidwa kwa asing'anga, ndi mawu a sayansi. Kuti jini agwire ntchito, selo imayamba yakopera uthenga wake pa RNA, ndipo RNA ndiye amakapangitsa mapuloteni. Kale ambiri ankayesa kuti kukoperaku kumayenda mosadukiza ngati madzi a pampopi. Mu 2005, Ido Golding ndi anzake ku Princeton adaika chizindikiro chowala pa RNA ya bakiteriya wamoyo wa E. coli, n'kumuyang'anira pa maikulosikopu. Jini ankadzuka kwa mphindi pafupifupi 6, kutulutsa makope motsatizana, kenaka zii kwa mphindi pafupifupi 37. Chaka chotsatira Jonathan Chubb adaona zofanana m'kachilombo ka m'dothi ka Dictyostelium, nayenso Arjun Raj adazipeza m'maselo a nyama zoyamwitsa. N'chifukwa chake maselo awiri oyandikana, a DNA yofanana ndendende, amatha kukhala wina wodzaza uthenga, mnzake ali gwaa.

Nanga ife a ku Salima zikutikhudza pati? Yankho lili m'miyala ya pa Namalenje ndi zilumba za Maleri, komwe mbuna zimasambira: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zamathothomathotho. Nyanja yathu ili ndi mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja limodzi ndi chambo, utaka ndi ncheni. Mu 2018 Milan Malinsky, Richard Durbin ndi anzawo adawerenga DNA ya nsomba 134 za mitundu 73. Kusiyana kwa mtundu ndi mtundu kudangokhala pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti. Ine nditamva izi koyamba ndidagwira pakamwa, chifukwa ncheni yosongoka mutu, yosaka usipa, ndi mbuna yokukuta ndere pamwala sizioneka ngati za mimba imodzi. Buku la DNA ndi limodzi ndithu. Mbali ina ya kusiyanako ili pa tsamba lomwe likutsekulidwa, liti, komanso kangati.

Diso ndiye mboni yabwino. Nsomba zimenezi zili ndi majini 7 othandiza kuona mitundu, koma yaikulu imadalira kwambiri atatu okha. Karen Carleton ndi Thomas Kocher adaonetsa mu 2001 kuti mitundu ya nsombazi imasiyana pa majini omwe yayatsa. Mbuna ya Metriaclima zebra imayatsa jini woona kuwala kwa UV, komwe diso la munthu silikuona, pamene nsomba ya Dimidiochromis compressiceps imatsamira ku kuwala kofiirira. Ngakhale mathothomathotho a mbuna zina zazikazi, owathandiza kubisala m'miyala, amabwera chifukwa jini wa pax7 amakoperedwa mopyola muyezo wa masiku onse.

Amene amalamula zonsezi ndi tizigawo ta DNA tokhala ngati maswichi. Kafukufuku wa ku Karolinska Institutet mu 2019, wochitika pa maselo a mbewa, adapeza kuti tizigawo takutali ndi jini timalamula makamaka kuti adzuke kangati, pamene tapakhomo pake timalamula kuchuluka kwa makope akadzuka. Ndi mafunso awiri omwe aja a mayi wa pa Senga Bay.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi madzi. Maso a mbuna adakhwimira m'madzi oyera, ndipo yaikazi imazindikira yaimuna ya mtundu wake kwambiri poona mtundu wa khungu. Koma mvula ikagwa kumtunda komwe mitengo idatha, mtsinje wa Linthipe umatsika uli psuu ndi dothi, n'kukalitsanulira m'nyanja pafupi ndi Maleri. Matopewo amaphimba kuwala, kenaka amakhazikika pamiyala pomwe pamamera ndere zimene mbuna zimadya.