Mombasa: Doko Limene Mafumu Ambiri Analimbirana

Mzinda wa Mombasa uli m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Kenya. Chimake cha mzindawu ndi chilumba chaching'ono chimene eni nthaka, Aswahili, amachitcha Mvita. Mbali ziwiri za chilumbachi nyanja inaloŵerera kumtunda. Kumpoto kuli Tudor Creek, kumene kunali doko lakale, ndipo kum'mwera kuli Kilindini, kumene madzi ndi akuya moti sitima zikuluzikulu zimakocheza osagunda pansi. Madoko aŵiriŵa, obisika ku mafunde, ndiwo anadzetsa chuma, komanso ndi omwewo anaitana nkhondo.

Malonda akale ankayendera mphepo. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi kumaomba mphepo yotchedwa kaskazi, yochokera kumpoto chakum'mawa, ndipo zombo zamatanga za ku Arabia, Persia ndi India zinkabwera nayo zitasenza nsalu, mikanda ndi mbale zadothi. Kuyambira Epulo mphepo imatembenuka, kusi n'kuyamba, ndipo zombo zija zinkabwerera kwawo ndi minyanga ya njovu, mitengo yomangira nyumba, chakudya ndi akapolo. Wamalonda akafika ankakhala miyezi ingapo akudikira mphepo yobwererera, ndipo ena ankakwatira konko. Chisilamu chinazika mizu motero, ndipo Chiswahili, chomwe ndi chilankhulo cha Chibantu, chinatola mawu ambiri a Chiarabu.

Mbiri yapakamwa imatchula mfumukazi Mwana Mkisi ndi Shehe Mvita ngati oyambitsa mudziwu. M'mabuku, dzina la mzindawu likupezeka kale m'zolemba za al-Idrisi za m'ma 1150. Mu 1331 kunafika mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, yemwe anagonako usiku umodzi wokha. Iye anapeza anthu opembedza, odya nthochi ndi nsomba, oitanitsa mbewu kuchokera kumtunda. Mizikiti yawo inali yamatabwa, ndipo pakhomo pake pankakhala zitsime zoti munthu asambe mapazi asanaloŵe. Mfundo ya mbewu ija ndi yofunika: chilumbachi sichinkatha kudzidyetsa chokha, choncho ubale wake ndi anthu a kumtunda, amene lero amadziŵika kuti Amijikenda, unali nkhani ya moyo ndi imfa.

Zinthu zinasintha mu Epulo 1498 pamene Mpwitikizi Vasco da Gama anakocheza pafupi ndi chilumbachi ali pa ulendo wa ku India. Sanamvane ndi eni mzinda, ndipo anapitirira ku Malindi, kumene mfumu yake inamulandira bwino chifukwa inali pa udani ndi Mombasa. Apwitikizi sanabwere kudzagula ndi kugulitsa ngati anzawo akale. Ankafuna kulamulira malonda onse a m'nyanjayi ndi mizinga. Mu 1505 Francisco de Almeida analanda katundu wa mumzindawu n'kuutentha. Nuno da Cunha anachitanso zomwezo mu 1528. Mu 1589 tsoka linachokera mbali ziŵiri: Apwitikizi anabwera panyanja kudzathana ndi Mir Ali Bey, mkulu wa zombo za Aturuki amene anthu a ku Mombasa anamulandira, pomwe kumtunda kunatulukira gulu lankhondo lotchedwa Azimba. Akatswiri ena a mbiri amagwirizanitsa gululi ndi ankhondo a Lundu a ku chigwa cha Shire, ngakhale ena amatsutsa zimenezi.

Pofuna kuti mzindawu usadzawaukirenso, Apwitikizi anayamba kumanga linga la Fort Jesus mu 1593, motsatira mapulani a Mtaliyana Giovanni Battista Cairati. Analimanga pathanthwe loyang'ana poloŵera doko lakale, kuti chombo chilichonse chidutse pakamwa pa mizinga yawo. Koma linga silinagule mitima ya anthu. Mu 1631 Yusuf bin Hasan, mwana wa mfumu amene Apwitikizi anamulerera ku Goa n'kumubatiza kuti Dom Jerónimo Chingulia, anabwerera ku Chisilamu, napha mkulu wa lingalo pamodzi ndi Apwitikizi ambiri a mumzindawo.

Nkhondo yoopsa koposa inayamba mu Malichi 1696, pamene asilikali a ku Oman anazinga lingalo. Analizinga miyezi 33. M'katimo munali Apwitikizi ochepa ndi Aswahili ambiri owathandiza, amuna, akazi ndi ana, ndipo ambiri anatha ndi matenda ndi njala kuposa zipolopolo. Sitima ina yobweretsa thandizo, Santo António de Tanná, inamira pafupi ndi lingalo mu 1697, ndipo katundu wake anavuulidwa m'zaka za m'ma 1970. Pofika Disembala 1698, pamene lingalo linagwa, munali mutatsala anthu oŵerengeka okha. Apwitikizi anabwereranso mu 1728 koma anathamangitsidwa chaka chotsatira.

Akuluakulu amene Oman inawatuma kudzayang'anira mzindawu, a banja la Mazrui, posakhalitsa anadziimira paokha ndipo analamulira pafupifupi zaka 100 mothandizana ndi mafuko 12 a Aswahili a pachilumbapo. Mfumu ya Oman, Seyyid Said, inawagonjetsa mu 1837, ndipo Mombasa inakhala pansi pa ufumu umene likulu lake linakhazikika ku Zanzibar. Iyi inali nyengo imene malonda a akapolo anafika pachimake, ndipo ambiri mwa anthu ogwira ntchito m'minda ya m'mphepete mwa nyanja anagwidwa kumadera ozungulira nyanja ya Malawi. Mmodzi wa iwo, Salimini, wochokera kuchigawo chapakati cha Malawi, anakumana ndi mmishonale Johannes Rebmann, yemwe ankagwira ntchito ku Rabai pafupi ndi Mombasa. Mawu amene Salimini anamufotokozera ndiwo anapanga dikishonale ya "Kiniassa", yomwe inasindikizidwa mu 1877 ndipo ili m'gulu la mabuku oyambirira a Chichewa. N'zomvetsa chisoni kuti pachikuto panalembedwa dzina la mmishonale, pomwe mwini chilankhulo anaiwalika kwa zaka zambiri. Mu 1875 amishonale anatsegula mudzi wa Frere Town, tsidya lina la doko lakale, wosungirako akapolo omasulidwa. Ukapolo weniweniwo unathetsedwa mwalamulo kuderali mu 1907.

Angerezi analoŵa kudzera m'kampani ya Imperial British East Africa Company mu 1888, ndipo boma lawo linatenga ulamuliro mu 1895. Chimene chinaumba Mombasa wamakono ndi njanji. Ntchito yoiyala inayamba mu 1896 ndipo inafika ku Kisumu, pa nyanja ya Victoria, mu 1901. Amwenye pafupifupi 32,000 anabweretsedwa kudzaigwira, ndipo ena anakhazikika n'kutsegula masitolo. Njanjiyo inasamutsira malonda ku Kilindini, kumene malo oyamba okochezera sitima zazikulu anatsegulidwa mu 1926, ndipo doko lakale linasiyidwira zombo zamatanga. Koma njanji yomweyo inabala Nairobi, yemwe m'zaka zochepa analanda Mombasa ulikulu.

Ntchito yapadoko inakopa anthu ochokera kutali kumtunda, Aluo, Akikuyu, Akamba ndi ena. Ambiri ankalembedwa ganyu ya tsiku limodzi, malipiro ochepa, pogona pothinana. Iwo ananyanyala ntchito mu 1939, kenako mu Januwale 1947, pamene anthu pafupifupi 15,000 anaimitsa mzinda wonse, ndipo Chege Kibachia anatulukira ngati mtsogoleri wawo. Mzere wa m'mphepete mwa nyanja, wa makilomita 16 kuloŵa kumtunda, unkaŵerengedwabe kuti ndi wa mfumu ya ku Zanzibar mpaka 1963, pamene unaphatikizidwa ku Kenya wodziimira payekha. Madandaulo a malo ndi oti chuma cha doko chimapindulira akumtunda sanathe mpaka lero.

Kalembera wa 2019 anapeza anthu oposa 1.2 miliyoni mumzindawu. Doko lake, loyendetsedwa ndi Kenya Ports Authority, limadutsitsa katundu wa Uganda, Rwanda, South Sudan ndi kum'mawa kwa Congo, ndipo msika wake wa tiyi uli m'gulu la misika yaikulu padziko lonse. Fort Jesus, yomwe Angerezi anaisandutsa ndende, tsopano ndi nyumba yosungiramo zakale, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2011. Njanji yatsopano yopita ku Nairobi, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, inatsegulidwa mu 2017. Boma litalamula kuti makontena ambiri azikwera sitima yapamtunda n'kukachotsedwera kumtunda, eni malole, madalaivala ndi ogulitsa zakudya m'misewu ya Mombasa anadandaula kuti ntchito zawathera. Lamuloli linachotsedwa mu Seputembala 2022, ndipo eni katundu anapatsidwanso ufulu wosankha pakati pa njanji ndi msewu.