Dzina Lokha Silitsimikiza Kuti Ndi Agogo Athu

Ambirife tikafunsidwa za makolo athu timathera pa agogo. Kupitirira apo timadalira zimene tinamva, monga zoti agogo aamuna anapita ku Joni kapena anamenya nkhondo ya Hitler. Nkhani zotere ndi chuma cha banja, koma ikafika milandu ya malo, ufumu kapena chipukutamisozi, pamafunika umboni wolembedwa. Apa m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Akapeza dzina lofanana m'buku lakale, amangoti munthuyo ndi wawo.

Vuto ndi lakuti makolo athu sankakhala ndi dzina limodzi. Munthu ankapatsidwa dzina pobadwa, lina kuchinamwali, linanso pobatizidwa. Popita ku migodi ena ankalembetsa dzina la malume kapena kugwiritsa ntchito chitupa cha mbale wawo. Kalaliki wachizungu naye ankalemba mmene wamvera, kotero Ngoma ankatha kukhala Goma. Komanso a Phiri, a Banda ndi a Mwale ndi ochuluka m'boma lililonse. Pa nthawi ya atsamunda kulembetsa kubadwa kwa mwana wa Mwafirika sikunali kokakamiza. Lamulo lolembetsa nzika zonse linabwera mu 2010, ndipo ziphaso za unzika zinafika kwa anthu ambiri mu 2017.

Nanga tingayang'ane kuti? Choyamba ndi m'nyumba mwathu momwemo. M'masutikesi akale mumapezeka makadi a ubatizo, malisiti a msonkho, zithunzi, makalata ndi mayina olembedwa kuchikuto kwa Baibulo. Kenako tipite ku mishoni zakale, chifukwa zinkalemba maubatizo, maukwati ndi ana asukulu. Livingstonia inayamba mu 1875, Blantyre mu 1876, Mvera mu 1889 ndipo Malamulo mu 1902. Ku Zomba kuli National Archives, yomwe inakhazikitsidwa mu 1947 ndipo imasunga zolemba za maboma ndi za mipingo ina. Amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela ankalembedwa ndi nambala yawoyawo, ndipo zambiri mwa zolembazo zili m'manja mwa TEBA. Asilikali a KAR nawonso anali ndi manambala, omwe amapezeka m'mphepete mwa mamendulo ena.

Tikapeza dzina, tisafulumire. Tifunse zinthu zitatu. Kodi mudzi ndi mfumu zikugwirizana ndi kwathu? Kodi dzina la bambo, la mayi kapena la mkazi wake ndi lomwe tikulidziwa? Kodi zaka zikuyenderana? Munthu amene anabatizidwa ali wamkulu mu 1910 sangakhale yemwe anali mnyamata pa njala ya 1949. Akuluakulu akapanda kudziwa chaka, tiwafunse zochitika: nkhondo ya Chilembwe inali mu 1915, mliri wa fuluwenza unayamba mu 1918, Napolo anagumula Zomba mu 1946, ndipo ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown mu 1974. Zolemba ziwiri zochokera kumalo osiyana zikagwirizana pa zitatuzi, pamenepo tingakhulupirire.

Kusamala kotere kuli ndi phindu lenileni. Bungwe la Tshiamiso Trust ku South Africa limapereka chipukutamisozi kwa amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo kapena TB atagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo ngati anamwalira, achibale amene ankawadalira akhoza kupempha. Banja lolephera kusonyeza kuti dzina la pa nambala ya mgodi ndi la bambo wawo limavutika.

Tiyeni tiyambe ndi okalamba amene tikadali nawo. Tikhale nawo pansi ndi kope, tilembe mayina onse amene munthu ankatchulidwa nawo, mfunda wake, mudzi ndi mfumu. Pa mfundo iliyonse tilembe amene watiuza kapena pepala limene taionapo, ndipo zokayikitsa tiziike chizindikiro. Mapepala akale tiwajambule ndi foni n'kutumizira achibale angapo, chifukwa chiswe ndi mvula sizichedwa kuwononga.