Batire la Mthuthuthu Likamafooka

Alimi anzathu a ku Namwera, Makanjira ndi Monkey Bay, tiona kuti ambiri a inu munyamula feteleza ndi chimanga pa mthuthuthu. Batire likafooka musafulumire kugula lina ndi ndalama za fodya, pakuti kawirikawiri cholakwa chili m'njira imene moto udzera.

Injini ikamayenda, makoyilo a m'kati mwake apanga magetsi, ndipo kabokosi kotchedwa regulator kawakonza asanalowe m'batire. Yambani ndi mitu ya batire. Mukapezapo zoyera zonga ufa, tsukani ndi madzi a soda, muumitse, mumange zolimba. Onaninso fyuzi ndi mawaya, popeza mabampu amawamasula.

Tsono bwerekani mita. Batire labwino lionetsa mavoti 12.6 injini ili chete. Mukailiza ndi kuonjezera moto, afike pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akapanda kukwera, kayikirani makoyilo kapena regulator. Akapitirira 15, regulator yafa, ndipo idzaphika batire.

Kutentha kwa kunyanja kuno kuphwetsa msanga madzi a m'batire lotsekula. Tikupemphani kuthiramo madzi a batire ogula okha, osati a m'nyanja kapena a pachitsime, angakhale aoneke oyera chotani.