KAMPASI YA M'DISO LA MBALAME NDI MASAMU A KWANTAMU

Chaka ndi chaka, mvula ikamayandikira, anamzeze ochokera ku Ulaya amafika ku Johannesburg atauluka makilomita zikwi zingapo. Kodi mbalame yosamuka imadziŵa bwanji kumene ikuloŵera? Yankho limodzi limene tifuna kulilongosola pano lidachokera ku fizikisi ya kwantamu, ndiyo nthambi ya sayansi yofotokoza makhalidwe a tinthu tochepetsetsa monga maelekitironi.

M'chaka cha 1978 Klaus Schulten adapereka ganizo ili: kuŵala kukagwa pa molekyu ina, elekitironi imodzi imadumpha nkusiya inzake, koma aŵiriwo amakhalabe omangirizana. Elekitironi iliyonse ili ngati kamaginito kakang'ono. Aŵiriwo amasinthasintha pakati pa mikhalidwe iŵiri, ndipo mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, ngakhale ili yofooka, imakhudza kusinthako molingana ndi kumene mbalame yalozetsa mutu wake. M'chaka cha 2000 Schulten ndi anzake adati zimenezi zingachitikire mu puloteni ya m'diso yotchedwa cryptochrome. Mu 2021 puloteni yotere, ya mbalame ya ku Ulaya yotchedwa robin, idaonetsadi kuti imamva maginito. Tisaiŵale komabe kuti izi zidaoneka m'labotale, pa maginito amphamvu kuposa a dziko, osati m'diso la mbalame yamoyo.

Vuto lili pa masamu. Maelekitironi aja amakokana ndi maatomu oŵazungulira, ndipo atomu iliyonse ya haidirojeni imene tiiŵerengera imachulukitsa kaŵiri mikhalidwe yoyenera kusungidwa. Maatomu 10 amabala mikhalidwe 1,024. Maatomu 30 amabala yoposa biliyoni imodzi. Pachifukwa ichi akatswiri amasiya maatomu ambiri nkusunga ochepa amene akuganiza kuti ndiwo ofunika. Ife tiona kuti pamenepa mpamene chithunzi cha masamu chingasiyane ndi mbalame yeniyeni.

Kompyuta ya kwantamu, imene iyo yomwe imayendera malamulo amenewa, ingathe kupeputsa mtolowu. Mu June 2019 University of the Witwatersrand ku Johannesburg idakhala yunivesite yoyamba mu Africa kuloŵa m'gulu la IBM Q Network, ndipo ofufuza ake adapata mwaŵi wogwiritsa ntchito makinawo kudzera pa intaneti. Makina otere akali olakwitsa kaŵirikaŵiri, ndipo sadafike poŵerengera puloteni yathunthu.